Mkono wa Tayala la Kumanja

Galimoto ya achimwene inathyoka mkono Lachitatu lina masana, ine ndili momwemo. Tinkachokera kwa telala wina kuseri kwa msika, mitu iwiri ya makina osokera ili pampando wakumbuyo. Tikutsika kamtsetse kolowera mumsewu waukulu tinangomva kuti khoo! pansi pa mapazi athu, galimoto n'kugwada mbali ya kumanja. Inakhukhuluzika pang'ono n'kuima. Nditatuluka ndinapeza tayala lakutsogolo litapenya kumbali, ngati lakwiya likufuna kubwerera lokha kunyumba.

Anthu sachedwa. Posakhalitsa anali atatizinga, wina akuti tikankhe, wina akuti tinyamule, a magalimoto akumbuyo ali pa hutala. "Tulukanitu bambo, mwatseka msewu!" Achimwene anangokhala, manja ali pachiwongolero. Chitseko chawo chinali chitatsamira kakhoma ka ngalande, ndipo iwo si munthu woti angadumphire mpando wina n'kutulukira uku. Anadwala poliyo ali ndi zaka zinayi. Amayenda ndi ndodo ziwiri, miyendo itamangidwa zitsulo kuyambira m'ntchafu mpaka m'nsapato. Tsiku limenelo anachita kuwatulutsa amuna atatu, atawagwira m'khwapa, kuwakokera kuchitseko changa, msika wonse ukuonerera. Atawaimika n'kuwapatsa ndodo zawo, sanayang'ane munthu kumaso. Anangondifunsa ine chapansipansi kuti, "Makina a eni ake aja sanagwe?"

Galimotoyo anaigula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo kwa dokotala wina wa mano, ndipo pa nthawiyo inali itakalamba kale. Anaisankha chifukwa imasintha yokha magiya, mpando wake ndi wotsika bwino, ndipo chitseko chimatseguka kwambiri moti amatha kuyamba akhala pansi kenako n'kulowetsa miyendo umodziumodzi ndi manja. Mmisiri wina wowotcherera, amene pano anatisiya, anawapangira mpini wachitsulo pafupi ndi chiwongolero: ukaukankha ndi buleki, ukaukoka ndi moto. Ndi galimoto imeneyo achimwene ankazungulira tauni yonse kukonza makina osokera. Matelala anawapatsa dzina loti a Singano.

Tinaikokera kugalaja ya a Bawuti, makaniko amene anakhala akuisamalira zaka zonsezi. Dzinali analipeza chifukwa akamaganiza amaluma bawuti ngati mmene ena amachitira ndi ndudu. Anaikweza pa jeke, analowa pansi chagada, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi chitsulo champhanda, chitaduka pawiri.

"Uwu timautcha mkono," anatero akundionetsa ine, poti achimwene ankadziwa kale. "Ndi umene umagwira tayala kumunsi, kulilumikiza ku thupi la galimoto. Mashoko ndi masipuling'i atopa, koma akhoza kupirira chaka china. Popanda uwu ndiye palibe ulendo."

"Wotchererani," anatero achimwene.

"A Singano, inunso ndinu mmisiri. Chitsulo cha mtundu uwu ukachiwotcherera chimaoneka bwino, kenako chimadzakusiya tsiku limene uli pa liwiro. Lero mwathyokera pa kamtsetse. Ndikawotcherera mudzathyokera pa mlatho, anthu n'kumati a Bawuti anapha mnzawo."

"Ndiye tigula wina."

A Bawuti anabwezera bawuti pakamwa, anaitafuna pang'ono, n'kuichotsanso. "Kampani yake inasiya kupanga galimoto zimenezi achemwali anuwa asanakwatiwe. Funani, mwina mwayi ulipo. Koma mumve bwino: wa kumanja. Wa kumanja ndi wa kumanzere amafanana ngati nsapato, koma simungavale ina kuphazi la inzake."

Miyendo ya nkhani imeneyi ndinali ine. Ndimasita zovala kuhotela ndipo ndimapuma Lachitatu. Choncho Lachitatu lililonse ndinkakulunga zidutswa ziwiri zija m'thawulo lakale, kuziponya m'chikwama, ulendo kumsewu wa masipeya. Ndi timashopu tothithikana, makoma ake odzaza malamba a injini ndi magalasi, pansi pali poterera ndi oyilo. Ndinkafika, kumasula thawulo pa kauntala, n'kudikira.

"Mayi, ichi mwachifukula kuti? Kumanda?"

Wina anaitana anzake kuti adzaone. Wina anandiuza kuti agogo ake anali nayo galimoto yotereyi, ankanyamulira nkhumba. Ambiri ankangopukusa mutu asanachigwire n'komwe. Bambo wina wa magalasi okhuthala anachitenga, analowa nacho kuseri, anakhalako mpaka ndinayamba kuganiza kuti wathawa nacho, kenako anatuluka ndi mkono wathunthu. "Ndi womwewo, kungoti mabowo ake anasuntha pang'ono. Makaniko wanzeru akhoza kuukakamiza." Ndinathamanga nawo kugalaja mtima uli m'mwamba. A Bawuti anauika pambali pa wothyoka uja, anaika chala chawo chachikulu pakati pa bowo ili ndi ilo, n'kundibwezera.

Pofika mwezi wachiwiri ndinali nditadziwa mabushi, timalabala ta m'mabowo a mkono, ndinali nditadziwa kusiyanitsa mkono wa kumtunda ndi wa kumunsi, ndipo anzanga kuntchito anali atayamba kunditcha amakaniko. Phewa langa lakumanja linkawawa ndi chikwama chija kuposa mmene limawawira ndi simbi.

Ena a m'mashopumo anandilozera kusikilapu, kunja kwa tauni, mabasi awiri ndiponso kamtunda wapansi. Magalimoto akufa anali atasanjikizana atatuatatu, udzu utamera m'mawindo. Mwini wake, bambo wonenepa woyenda ndi ambulera padzuwa, atangoona zidutswazo anazidziwa. Ndiye munthu woyamba amene anatchula dzina la galimotoyo ine ndisanamuuze.

"Zinalipo zitatu," anatero. "Bwerani muone."

Ananditengera pakona ya mpanda n'kundilozera pansi. Panali malo atatu amakona anayi pomwe udzu unali waufupi kuposa pena ponse.

"Zinakhala apa zaka eyiti, palibe anabwera kudzafunsa ngakhale galasi. Chaka chatha kunabwera thiraki ya anthu osungunula zitsulo, ndinati tengani, zikundithera malo. Mukanabwera chaka chatha, mayi, ndikanakupatsani ulere, ndikanakunyamulirani mpaka pa basi."

Ndinaima pamenepo n'kumayang'ana udzu. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kuona.

Mnzanga wina wolandira alendo kuhotela ndiye anati tifufuze pa intaneti. Anaupeza kudziko lina lakutali, chithunzi chake chofanana ndendende, ndipo tinaitanitsa. Tinadikira masabata asanu ndi awiri. Tsiku limene katoni inafika achimwene anameta ndevu, anavala malaya oyera, ndipo m'takisi monse anaifukata pamiyendo ngati khanda. Mkonowo unali watsopano, wopaka penti yakuda yonyezimira. A Bawuti anautembenuza uku, anautembenuza uko, n'kuuika pansi mwaulemu.

"Wa kumanzere."

Wogulitsa uja atamulembera anayankha kuti chithunzi amagwiritsa chimodzi pa mikono yonse iwiri, ndipo ya kumanja inatha zaka zambiri zapitazo chifukwa ndi imene imathyokathyoka. Anapepesa. Tinafunsa a Bawuti ngati mpini uja ungasamutsidwire m'galimoto ina. Anati ungasamutsidwe, tikabweretsa galimoto inayo. Tonse tinaseka, poti tinkadziwa kuti ndi ntchito yaima chonchi galimoto ina sikanachokera kulikonse.

Achimwene amakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yanga. Masabata oyambirira matelala ankawabweretsera mitu ya makina, ena pa njinga, ena pamutu. Koma makina akuluakulu a m'mashopu sanyamulika, ndipo telala amene ali ndi madiresi khumi a ukwati wa Loweruka sangadikire munthu amene sabwera. Foni inayamba kulira mwa apo ndi apo. Tsiku lina anayesa basi. Ananyamula kachikwama ka zida, anayenda ndi ndodo mpaka pa siteji, mtunda umene ine ndimayenda mphindi zisanu iwo anatha theka la ola. Mabasi atatu anachepetsa liwiro, kondakitala n'kuona ndodo, basi n'kupitirira. Wachinayi anaima, koma ali mkati mokweza mwendo wachiwiri dalaivala anayamba kuyenda. Anagwa. Amene anabwera nawo kunyumba ndi mayi wogulitsa nthochi pasitejipo, chigongono chitasupuka, buluku litang'ambika pa bondo. Sanayesenso.

Anayamba kukonza zinthu zosawonongeka. Wotchi yanga yapakhoma anaimasula kawiri. Simbi ya kunyumba anaisintha chingwe chomwe chinali chabwinobwino. Ndikaweruka ndinkawapeza atakhala pakhomo, manja ali pa maondo, akuyang'ana geti. Sankandifunsa kuti zayenda bwanji. Ankangoyang'ana chikwama changa, n'kuona mmene chikulendewera.

Panali mayi wina wosoka makatani kutsidya kwa tauni. Makina a mayi ameneyu ankawonongeka Lamlungu lililonse masana kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tonse kunyumba tinkadziwa, osanena. Galimoto itafa anabwera kawiri pa basi kudzawaona. Ulendo wachiwiri ndinamva achimwene akumuuza kuti asamavutike, adzabwera okha galimoto ikachira. Anamvera, koma sanaiwale. Mwezi wachisanu ananditsatira kuhotela, kukhomo la antchito, akupuma mwawefuwefu.

"Alamu, ndaiona," anatero. Kanali koyamba kunditcha choncho. "Ndimakapachika makatani kunyumba ina kumtunda uko. Ili pabwalo, pansi pa shedi. Mtundu womwewo, maso omwewo, kungoti iyo ndi yobiriwira. Eni ake akuti siinayende zaka zambiri."

Lachitatu lotsatira tinapita pa takisi, ine ndi achimwene. Inali nyumba yakale ya mpanda wa maluwa osadulira. Anatitsegulira mayi wa msinkhu wanga, wamaso otopa, atavala epuloni. Galimoto inali pomwepo, yoyera ngati yangotsukidwa kumene, matayala opopa bwino. Achimwene anaima pa geti n'kumaiyang'ana.

Mayiyo anatikhazika pakhonde ndipo anamvetsera nkhani yathu yonse mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ndi ya bambo anga. Ikanakhala yanga ndikanati itengeni lero lomwe. Koma bambo mutu unasokonekera. Ineyo sandidziwa, amanditcha anesi. M'mawa uliwonse amavala jekete ndi tayi, amapukuta galimoto, amalowa n'kukhala pachiwongolero kudikira mayi kuti amalize kuvala, awaperekeze kuntchito. Mayi anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Batire tinachotsa, makiyi amene amagwira ndi a kabati. Amakhala mmenemo mpaka dzuwa litawatentha, ndiye ndimakawauza kuti lero ndi holide, n'kutuluka. Tsiku lonse amakhala bwino chifukwa cha maola awiri amenewo."

Tili mkati molankhula mwini wakeyo anatulukira, nkhalamba yaitali yowongoka msana, nsanza yopukutira ili m'manja. Anatiyang'ana mokayika mpaka achimwene anati, "Bambo, galimoto yanuyi mumaisamala. Inenso ndili nayo yotere."

Nkhope ya nkhalambayo inamasuka nthawi yomweyo. "Ya chaka chanji? Ya nyali zozungulira kapena zamakona?"

"Zozungulira."

"Ndiye ndi yeniyeni! Zamakonazo anaziwononga. Bwerani, bwerani mumve mpando."

Anawatsegulira chitseko cha kumbali ya wokwera, ndipo anadikira moleza mtima achimwene akulowetsa miyendo umodziumodzi. Anakhala mmenemo pafupifupi ola. Ife tinkamva kuseka. Munthu amene sankadziwa mwana wake ankakumbukira kuchuluka kwa oyilo wa mu giyabokosi, ankakumbukira kaphokoso kamene pampu ya mafuta imachita kukazizira. Ndinamumva akuti, "Koma muzisamala mkono wa kumanja, mnzanga. Ndi pamene anailakwitsa galimoto imeneyi. Ine wanga ndinasintha, ndinaika watsopano, sunayende n'komwe."

Mwana wawo uja anandigwira dzanja n'kundinong'oneza. "Lachinayi ndimapita nawo kuchipatala, timabwera masana. Ngati makaniko wanu angachotse chitsulocho n'kuimika galimoto mmene ililimu, tayala lili pamalo pake, sadzadziwa. Pansi sayang'anako. Geti ndidzasiya losakhoma."

Pobwerera achimwene ankangoyang'ana pawindo. Titatsala pang'ono kufika anati, "Anandipatsa mpando wa mkazi wake."

"Galimoto yake siyenda, achimwene. Mkono ali nawo kapena alibe, kwa iye n'chimodzimodzi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye musapite. Ndipita ine ndi a Bawuti."

"Ayi. Ngati tikukaba, ndikakhalepo. Wakubayo ndine."

Lachinayi ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito. A Bawuti anabwera ndi kalole kawo, atadula kale chipika cha mtengo cha muyeso woti chikalowe kuseri kwa tayala, galimoto isapendekeke. Tinafika cha m'ma naini, nyumba ili zii. Ndinawatengera achimwene mpando wapakhonde n'kuwaikira pamthunzi pafupi ndi shedi. A Bawuti anakweza jeke, anachotsa tayala, analowa pansi, ndipo tinawamva akuimba mluzu.

"A Singano! Penti yake ikadalipo. Mabushi ake ngati a dzulo."

Mabawuti anali atagwira dzimbiri. Anathira mafuta, anadikira, anagogoda, anathiranso. Yoyamba inamasuka. Yachiwiri inawavuta kwambiri moti anachita kulumikiza paipi ku sipanala. Thukuta linali kamukamu. Ine ndinkangoyang'ana geti, ngakhale ndinkadziwa kuti nthawi ikadalipo yambiri.

Sinalipo. Dokotala wa nkhalamba ija tsiku limenelo sanabwere, ndipo anawabweza asanakhale n'komwe pa benchi. Mwana wawo anayesa kundiimbira, koma foni yanga inali m'chikwama, m'kalole. Anayesa kuwazengereza m'njira, nkhalamba inakana, inati ikuchedwa. Tinangomva geti kuti kwee.

Mwini galimoto uja anaima, jekete ili pamkono. Anaona tayala lili pansi, galimoto itakwera mwendo umodzi m'mwamba, miyendo ya munthu itatulukira pansi pake. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindinawamvepo kwa munthu wamkulu. Sanali mawu, kunali kulira kwa mwana amene wasochera pamsika. Kenako anathamanga, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, n'kuyamba kumenya miyendo ya a Bawuti ndi jekete.

"Akuba! Akuba! Anesi, itanani apolisi!"

A Bawuti anatuluka chokwawa, manja m'mwamba. Nkhalambayo inagwada pansi n'kukumbatira tayala lija, kuyesa kulidzutsa, koma linkailemera. "Mayi atuluka pompano," inkatero. "Atuluka pompano, ndiwatengera pa chiyani? Achedwa kuntchito. Ndiwauza chiyani?" Buluku lake linali litanyowa kutsogolo. Mwana wake ankaigwira mapewa, akuti bambo, bambo, ndi amakaniko, akungokonza, koma sinkamva.

Ndiye inatembenuka n'kuona achimwene pampando paja. Mwana wake anatiuza pambuyo pake kuti bambo ake sakumbukira munthu amene amuona dzulo. Koma achimwene inawadziwa.

"Inu? Inunso, mnzanga?"

Munthu wina aliyense akanadzuka, akanapita kuseri kwa nyumba, akanatuluka pa geti. Achimwene ndodo zawo ndinali nditazitsamiritsa kukhoma, kutali ndi mpando. Anakhala pomwepo, maso a nkhalamba ali pa iwo.

"A Bawuti, bwezerani."

"A Singano, yatsala bawuti imodzi. Imodzi yokha. Mayiwa angowalowetsa m'nyumba mphindi khumi."

"Bwezerani."

Anabwezera. Anamanga mabawuti awiri aja, anaika tayala, anatsitsa jeke, nkhalamba ikuyang'anitsitsa chilichonse, ikusisima. Galimoto itaima pa matayala ake onse anayi inatenga nsanza n'kuyamba kupukuta pomwe a Bawuti anagwira ndi manja a girisi. Sinatiyang'anenso.

Mwana wake anatiperekeza mpaka pa geti. Maso ake anali ofiira. "Pepani. Ndimayesa zitheka. Sindingayesenso, mwaona nokha." Kenako anati, "Bambo akadzapuma, mudzabwere mudzatenge galimoto yonse. Sindidzafuna kuionanso. Nambala yanu ndili nayo, achemwali."

Achimwene anayang'ana kumbali ngati sanamve. Ine ndinati zikomo.

M'kalole a Bawuti anamenya chiwongolero ndi chikhatho. "Unali m'manja mwangamu! Zaka makumi atatu ndikugwira ntchito imeneyi, sindinabwezerepo chitsulo chabwino m'galimoto yakufa."

Patapita milungu iwiri a Bawuti anatiuza mwaulemu kuti malo akuwachepera pagalaja. Galimoto ya achimwene anaikokera okha kunyumba, anaikhazika pa njerwa pafupi ndi khomo la achimwene, ndipo mkono wa kumanzere uja, watsopano, anauika m'buti. Ine Lachitatu ndinkapitabe kumsewu wa masipeya, koma osati sabata iliyonse. Anthu ake anali atandizolowera. Ndikangosuzumira pakhomo ankati, "Sunabwere, mayi," ndisanatsegule pakamwa.

Chimene sindinauze munthu aliyense ndi ichi. Kuyambira tsiku lija ndinayamba kudikira. Foni ikalira, m'maganizo mwanga ndinkati ndi mayi uja, ndipo ndinkaitulutsa msangamsanga. Kukazizira ndinkaganiza kuti nyengo ngati iyi nkhalamba sizipirira. Ndinkadzigwira ndikuganiza choncho ndili pa tebulo losita, n'kuchita manyazi mpaka kutentha m'makutu, koma mawa lake maganizo omwewo ankabweranso. Munthuyo sanandilakwire chilichonse. Anangotipatsa mpando.

Foniyo inalira mwezi wachinayi chichitikire zimenezo, Lolemba m'mawa, ndili pakati pa nsalu za pabedi. Nditaona nambala, mtima unadumpha, ndipo sindinganame, kunali kudumpha kwa chimwemwe. Ndinaika simbi pansi n'kukonza mawu achisoni.

"Achemwali, pepani kukuvutitsani," anatero mayi uja. "Bambo ali bwino, akudya, akuyenda. Koma sabata yonseyi akungofunsa za mnzawo wa ndodo. Akuti anapangana kuti adzabwera adzaone pampu ya mafuta. Za tsiku lija aiwala, akukumbukira za ulendo woyamba wokha. Akukana kutuluka m'galimoto, akuti akumudikira. Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yoti ndikupempheni, koma mwina achimwene anu angabwere, ngakhale kamodzi."

Ndinati ndikawauza. Nditadula foni ndinapeza nsalu ili ndi chipsera cha simbi, chofiirira, chamakona atatu.

Madzulo ndinawapeza pakhomo pawo akusenda waya wa wailesi. Ndinawafotokozera. Anapitiriza kusenda.

"Unayesa wamwalira," anatero osandiyang'ana.

Ndinaweramitsa mutu.

"Inenso ndikanayesa choncho. Usadziimbe mlandu wekha." Anaika waya pansi. "Uwauze kuti ndilibe choyendera."

Koma Lachiwiri ndikupita kuntchito anandiitana pawindo n'kundiuza kuti ndilankhule ndi wa takisi uja, abwere mawa cha m'ma eyiti.

Tinawapeza ali kale pachiwongolero, tayi ili pakhosi. Achimwene anayenda ndi ndodo zawo mpaka pawindo n'kuwerama. "Mwadzuka bwanji, bambo? Ndabwera, za pampu ija."

Nkhalamba inawayang'ana nthawi yaitali. "Pepani bambo, si takisi iyi. Ndikudikira akazi anga."

"Ndine mnzanu uja. Wa nyali zozungulira."

"Musatsamire chitseko, mukanda penti."

Achimwene anadziwongola n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mwana wa nkhalambayo anabisa nkhope mu epuloni. Anatipempha kuti tikhaleko, mwina akumbukira, zimabwera n'kupita. Tinakhala pakhonde, anatipatsa madzi ozizira. Achimwene anakhala ola lathunthu akuyang'ana galimoto ija cham'mbali, ndipo ine ndinkadziwa malo enieni amene maso awo anali. Nkhalamba sinatembenuke. Dzuwa litakwera mwana wake anapita kukaiuza kuti lero ndi holide, ndipo inatuluka, inakhoma chitseko ndi kiyi wa kabati, inatidutsa n'kutipatsa moni waulemu ngati alendo a mwana wake.

Wa takisi anatitsitsa pa geti lathu dzuwa lili paliwombo. Anathandiza achimwene kutuluka, anawapatsa ndodo, n'kufunsa ngati adzabwerenso Lachitatu linalo nthawi yomweyo. Achimwene anali atayamba kale kuyenda kulowera kuseri. Ndinamuuza kuti tidzamuimbira.